Mwana wa Mlimi ndi Ujenerale: Zomwe Akukambirana ku Nsaru, Nambuma ndi Mpingu

Chaka chino mitengo ya soya ndi fetereza yapeza nkhani ina yolimbirana nayo malo m'mabwalo a kuno kumadzulo kwa Lilongwe. Mwini nkhaniyo ndi mnyamata wina wa m'mudzi wapafupi ndi Nsaru, amene watsiriza maphunziro a usilikali ku MAFCO, ku Salima, n'kubwera kudzaona makolo atavala yunifolomu yamawangamawanga. Iye anangocheza pang'ono n'kubwerera kuntchito, koma agogo ake aakazi ndiwo anakoleza moto. Ali pachigayo, pamaso pa amayi odikira kugayitsa, analengeza kuti mdzukulu wawoyo adzakhala Jenerale iwo akadali ndi moyo, ndipo tsiku limenelo helikopita idzawatenga pabwalo la mpira la pasukulu. Amayi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Wina anafunsa ngati m'ndegemo mudzakhale malo a thumba la mgaiwa. Agogowo sanaseke nawo. Anangomanga chitenje bwinobwino n'kunena kuti, "Sekani lero, ana inu. Kodi amene anayamba kulamula asilikali m'dziko muno anabadwa ndi nyenyezi paphewa?"

Funsolo linatuluka m'chigayomo pamodzi ndi ufa. Pofika madzulo linali pasiteji ya akabaza, m'mawa mwake linali m'tiyirumu, ndipo sabata isanathe ma minibasi anali atalifikitsa ku Kabudula ndi ku Namitete.

Pabawo la pa Nsaru anayamba kuliyankha ndi aPhiri, mkulu amene anagwirapo ntchito ya usilikali ndipo anali m'gulu lolondera njanji ya ku Nacala, ku Mozambique, nthawi ya nkhondo ya Renamo. Iwowa akamayankhula za usilikali nkhomo zimayamba zadikira m'dzanja. Anati agogo aja sanalakwitse, ndipo umboni wake ndi Graciano Matewere. Munthu ameneyu analowa Keyala, usilikali wa atsamunda, ngati msilikali wamba, kupukuta jombo, kuguba padzuwa ndi kuchitira sawasha azungu, pa nthawi imene munthu wakuda ankakwera n'kukathera pa usajeni meja basi, maudindo onse apamwamba ali a Angerezi. Dziko litalandira ufulu mu 1964, gulu loyamba la Keyala linasanduka Malawi Rifles, komabe olamula anali azungu omwe aja. Zinatheka mu 1972 pamene Matewere anakhala Mmalawi woyamba kutsogolera asilikali onse a dziko lino. Anakhala pampandowo mpaka 1980, n'kusiyira Melvin Khanga, amene anagwira mpaka 1992. "Ndiye musamaseke nkhalamba," anatero aPhiri. "Makwererowo alipo, ndipo ena anakwerapo kuchokera pansi penipeni."

Amene ankasewera nawo, mnyamata wa golosale amene amakonda kuwerenga zolengeza za ntchito pafoni, sanavomere msanga. "Atsibweni, zimenezo n'zakale. Masiku amenewo ankangoona kutalika kwa munthu ndi kukula kwa chifuwa. Lero pakhomo pomwepo akufunsa satifiketi ya MSCE, ndiponso zitseko zilipo ziwiri: china cha asilikali wamba, china cha ofuna kuphunzira za uofesala. Wolowera chitseko choyambacho kuti akafike pa Jenerale, ndiye kuti watha jombo zingati?" APhiri anayang'ana bawo nthawi yaitali, kenaka anati jombo zimatha ndithu, koma boma limagula zina. Anthu anawomba m'manja, ndipo wagolosale uja, posokonezeka ndi kuseka, anataya nkhomo m'dzenje lolakwika n'kudyedwa.

Onse awiriwa ananena zoona, ndipo n'chifukwa chake mkanganowu sukutha. Makwerero akadalipo, koma phazi loyamba tsopano limapondera m'kalasi.

Kwina nkhaniyi inangodutsa mopepuka. Pamjigo, amayi akuti atsikana ena amene ankanena kuti sangakwatiwe ndi munthu wosakhala pakhomo asintha mawu kuyambira tsiku limene anaona yunifolomu ija. Anyakwawa a m'mudzimo akuti anasowa chochita mnyamatayo atawagwadira mwaulemu ali ndi chipewa cha boma m'manja: amulandire ngati mwana, kapena aimirire ngati kwabwera bwana? Anasankha kumupatsa mpando, iye n'kukana, n'kukhala pamphasa pafupi ndi amayi ake, ndipo akuluakulu akuyamikirabe mpaka pano. Pamsika napo, mathalauza a pakaunjika ooneka ngati a asilikali, amene anyamata ankayenda nawo monyada, anasowa onse sabata imeneyo, poti aliyense akudziwa kuti eni yunifolomu salola munthu wamba kuvala zofanana nawo.

Koma kumene nkhaniyi inakula n'kuwoloka nyanja ndi ku Nambuma, kumene kuli mishoni yakale ya ansembe a White Fathers. Kumeneko kuli aphunzitsi ena opuma amene anaphunzira Chifalansa kuseminale, asanasinthe maganizo n'kukwatira. Atamva za Matewere, anaitanitsa tiyi wina n'kunena kuti nawonso ali ndi wawo, wa ku France, dzina lake Marcel Bigeard. M'tiyirumu monse munakhala bata, ngakhale wodula buledi anaimika mpeni.

Bigeard, malinga n'kufotokoza kwa aphunzitsiwo, anabadwa mu 1916 m'tauni ya Toul. Bambo ake ankagwira ntchito kunjanji. Sukulu anailekeza ali ndi zaka 14 n'kuyamba ntchito yotumikira m'banki. Mu 1936 boma linamuitana ku usilikali, osati chifukwa choti iye anafunsira, koma poti masiku amenewo mnyamata aliyense wa ku France ankayenera kukatumikira, afune asafune. Analowa wopanda ngakhale mzere umodzi pamkono. Patatha zaka ziwiri anatuluka ali kopolo n'kubwerera kubanki kuja, nkhani n'kuoneka ngati yathera pomwepo. Koma mu 1939 nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayandikira anamuitananso, ndipo mu June 1940 Ajeremani anamugwira. Anayesa kuthawa kawiri n'kulephera, kachitatu mu November 1941 n'kupulumuka. Anakatulukira ku Senegal, kumene anayamba kukwera maudindo akutsogolera asilikali akuda. Mu August 1944 anamuponya ndi parachuti usiku m'mapiri a ku Ariège, kum'mwera kwa France, kuti akathandize anthu amene ankamenyana ndi Ajeremani mobisala.

Mayi wina wogulitsa zitumbuwa pakhomo anasuzumira n'kufunsa funso limene amuna onse anaiwala: "Aphunzitsi, nanga m'zonsezi mkazi anali naye?" Aphunzitsi anati anali naye, mtsikana wa kwawo komweko ku Toul amene anakulira limodzi, ndipo anakwatirana mu 1942 atangothawa kundende kuja. Mayiyo anapukusa mutu n'kunena kuti ngati pali woyenera mendulo ndi mkaziyo, chifukwa kudikira mwamuna wongodumpha m'ndege chaka ndi chaka si ntchito yamasewera.

Aphunzitsi anapitiriza. Nkhondo ya ku Ulaya itatha, Bigeard anapita ku Vietnam, kumene Afalansa ankakakamira utsamunda wawo. Anali m'chigwa cha Dien Bien Phu pamene asilikali a Jenerale Vo Nguyen Giap anawazinga mbali zonse, atakokera mizinga pamwamba pa mapiri ndi manja. Anamukweza udindo nkhondoyo ili mkati, koma pa 7 May 1954 Afalansa anagonja, iye n'kugwidwanso. Apa mnyamata wina wakabaza, amene ankamvetsera chipewa chili pabondo, analephera kupirira. "Aphunzitsi, dikirani kaye. Munthuyu anagwidwa ndi Ajeremani, n'kudzagwidwanso ku Vietnam, koma n'kumangomukwezabe? Ine njinga itagwidwa kamodzi kokha, bwana wanga anandilanda makiyi tsiku lomwelo!" Tiyi anatayikira patebulo ndi kuseka. Aphunzitsi atapuma anayankha kuti ankamukweza chifukwa anyamata ake ankamutsata mosakayika, poti sankawatuma kumene iye sangapondeko. Ankadumpha nawo, kuyenda nawo wapansi, kugona nawo m'matope.

Mu 1967 anakhala Jenerale. Analamula asilikali a France ku Dakar, kenaka ku Madagascar kuyambira 1971 mpaka 1973, kuseri kwa Mozambique komweku. Mu 1975 Pulezidenti Valéry Giscard d'Estaing anamuika kukhala wachiwiri kwa nduna ya zachitetezo, ndipo kuyambira 1978 mpaka 1988 anali phungu wa nyumba ya malamulo. Anamwalira pa 18 June 2010 ali ndi zaka 94, m'tauni yomwe ija anabadwira. Mnyamata wotumikira m'banki, amene anayamba usilikali wosaponda sukulu ya maofesala, anathera pa nyenyezi zinayi.

Anthu anali atayamba kale kuwomba m'manja pamene akatekisiti ena okalamba, amene anakhala chete nthawi yonseyi, anafunsa modekha kuti, "Achimwene, mwadumpha Algeria. Bwanji?" Iwowa dziko limenelo amalidziwa chifukwa n'kumene Kadinala Charles Lavigerie anayambitsira chipani cha White Fathers mu 1868. Aphunzitsi anavula magalasi n'kuvomera kuti pamenepo ndiye pali bala. Anthu a ku Algeria anamenyera ufulu wawo kuyambira 1954 mpaka 1962. Mu 1957 asilikali a parachuti, motsogozedwa ndi Jenerale Jacques Massu, anapatsidwa mzinda wa Algiers kuti athane ndi omenyera ufuluwo, ndipo gulu la Bigeard linali patsogolo. Anthu ankagwidwa usiku, kuzunzidwa ndi magetsi ndi madzi kuti aulule anzawo, ndipo ambiri sanaonekenso. Mitembo ina inkapezeka m'nyanja, ndipo anthu a kumeneko ankaitchula ndi dzina la Bigeard. Mu 2000 mayi wina wa ku Algeria, Louisette Ighilahriz, anafotokoza poyera mmene anazunzidwira n'kutchula maina a Massu ndi Bigeard. Bigeard anakana kuti iye mwini sanazunzepo munthu, komabe ananena kuti nkhanza zoterozo zinali choipa chosapeweka pankhondo. Ngakhale phulusa la mtembo wake linavuta kosungira. Iye ankafuna likamwazidwe ku Dien Bien Phu, boma la Vietnam silinalole, ndipo linakaikidwa ku Fréjus mu 2012.

Palibe anasekanso. Mayi wa zitumbuwa uja ndiye anatseka ndi mawu akuti munthu wochokera pansi amayenera kudziwa kupweteka kwa nsapato ikakuponda, ndiye iyeyo anaiwala bwanji? Ine ndili kumbali ya mayiyu. Kulimba mtima kwa Bigeard n'kosakayikitsa, ndipo kukwera kwake n'kodabwitsa, koma anthu amene anasowa ku Algiers nawonso anali ana a eni ake, ofuna dziko lawo monga ife tinkafunira lathu m'zaka zomwezo.

Ku Kabudula nkhaniyi inafika itavala malaya ena. Kumeneko akuluakulu anagwira mawu oti usilikali wokakamiza, n'kunena kuti zimenezo kuno si zachilendo. Pa nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918, atsamunda ankatuma amesenjala m'midzi kukagwira amuna kuti akakhale amtengatenga, osenza chakudya ndi zipolopolo za asilikali omenyana ndi Ajeremani ku Tanganyika ndi ku Mozambique. Amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anasenza katundu ameneyo, ambiri n'kufera m'njira ndi njala ndi matenda. John Chilembwe anadandaula za kukhetsa magazi a anthu akuda pankhondo ya eni m'kalata yake ya mu 1914, miyezi yochepa asanaukire. Gogo wina anafunsa kuti, "Wa ku France uja anamugwira n'kudzakhala Jenerale. Nanga mwa azigogo athu amene anagwidwa, ndani anakhala ngakhale kopolo wa mtengatenga n'kupatsidwa penshoni?" Palibe anayankha, chifukwa yankho aliyense akulidziwa. Kusiyana kwake kunali khungu ndi mbendera. Pankhondo yachiwiri a Keyala a kuno anamenya ku Moyale mu 1940, kumene kunachokera dzina la malo a asilikali a ku Mzuzu, anakafikanso ku Madagascar ndi ku Burma, koma anabwerako ali ndi mamendulo pachifuwa, mapewa ali osalala.

Chimene chinabweza chisangalalo pabwalopo ndi mkulu wa gule wa mganda. Anadzuka, n'kukonza kolala ya malaya ake oyera, n'kukumbutsa anthu kuti makolo atamanidwa maudindo kunkhondo anabwera kudzadzipangira okha kumudzi. Mganda ndi perete wa Keyala amene anthu anamusandutsa gule: mizere yowongoka, makabudula oyera ochita kusita, masokosi ofika m'mawondo, ng'oma yaikulu ndi malipenga a zikho. Mmenemo muli kaputeni, muli dokotala, muli ndi mfumu yake. "Ine ndinayamba ndi kusenza ng'oma," anatero mkuluyo akudziguguda pachifuwa, "lero ndikaimba wezulo amuna makumi atatu amatembenuka nthawi imodzi. Wa ku France wanuyo zinamutengera zaka 31 kuti afike pa Jenerale. Ine sizinakwane khumi, ndipo sindinagwidwepo ndi Mjeremani!" Anamunyamula m'mwamba anyamata, ndipo akuti kuyambira tsikulo ngakhale akazi ake akumamuitana kuti a Jenerale pomupatsa madzi osamba.

Ku Mpingu ndi ku Msundwe, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, nkhani ya asilikali saiyamba ndi nthabwala. Anthu akukumbukira 2019, pamene zionetsero zokana zotsatira za chisankho zinagwedeza dziko, ndipo anyamata a kuderali anatchuka mpaka kupatsidwa dzina loti Msundwe Barracks. Wometa tsitsi wina anaseka pokumbukira kuti masiku amenewo pafupifupi mnyamata aliyense anali kamanda, popanda anapondako ku Salima. Koma amayi amene anali pamzere wa tomato sanaseke nawo. Mu October chaka chimenecho wapolisi anaphedwa pa Msundwe, ndipo zotsatira zake amayi ndi atsikana a ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika anachitidwa nkhanza zosaneneka, mpaka mu August 2020 bwalo lalikulu la milandu linalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipukuta misozi. Anthu a kuno akamayeza munthu wa yunifolomu sayamba ndi kuwerenga nyenyezi. Amayamba ndi kufunsa chimene anachita atakumana ndi munthu wopanda mfuti.

N'chifukwa chake dzina limene limatchulidwa mwaulemu m'derali ndi la Jenerale Vincent Nundwe. Pa zionetsero zija asilikali ake ankayenda m'mbali mwa anthu n'kumawateteza. Anachotsedwa paudindo mu March 2020, n'kubwezeretsedwa boma litasintha chaka chomwecho. Ena anakumbutsanso za April 2012, Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira, pamene Jenerale Henry Odillo anaima pa malamulo a dziko mpaka Joyce Banda analumbira. Mkulu wina wokonda wailesi anawonjezera kuti tisamaone ngati zimenezi n'zamasewera, chifukwa kwina ochokera pansi omwewa ndiwo anasautsa anthu. Idi Amin analowa Keyala ku Uganda mu 1946 ngati wothandiza kukhitchini, anakwera mpaka kulamula asilikali, ndipo mu 1971 analanda boma n'kupha anthu osawerengeka. Jean-Bédel Bokassa analowa usilikali wa France mu 1939 ali msilikali wamba, anamenya nawo ku Vietnam komwe kuja, ndipo atalanda boma la Central African Republic anadziveka chisoti chaufumu mu 1977. Kuno kwathu, kuyambira nthawi ya Matewere mpaka lero, palibe mkulu wa asilikali amene anakhalapo pampando wa Pulezidenti ndi mfuti. Ngakhale mu December 1993, pamene asilikali analanda zida a Payoniya pa Operation Bwezani, atamaliza anabwerera kumalo awo, anthu n'kukavota mu May 1994. Chimenechi n'chuma cha dziko, ndipo ndimanyadira kumva anthu wamba pamsika akuchidziwa mtengo wake.

Mtsikana wina wa Fomu 3, amene ankathandiza amayi ake pabenchi, ndiye anatchula dzina limene akuluakulu onse analiiwala: Chancy Chitete. Ameneyu sanali Jenerale, sanali ngakhale kopolo. Anali msilikali wamba m'gulu la Amalawi losungitsa mtendere ku DRC. Mu November 2018, pankhondo yolimbana ndi zigawenga za ADF kufupi ndi Beni, anaona mnzake wa ku Tanzania atavulala pamalo poonekera adani, anakamukokera pobisika n'kuyamba kumupatsa chithandizo, iye n'kuwomberedwa pomwepo. Mtanzaniayo anapulumuka. Mu May 2019 bungwe la United Nations linapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yomwe ndi ulemu waukulu koposa kwa osungitsa mtendere. Mtsikanayo ananena kuti iyenso akufuna usilikali akamaliza sukulu, poti masiku ano akazi akulowa. Amayi ake anangoti, "Yamba wakhoza masamu, mwana iwe," anthu n'kuyambanso kuseka.

Ku Namitete nkhaniyi yatsikira m'miyendo. Mbandakucha, minibasi yoyamba isanadutse, mumakumana ndi anyamata akuthamanga m'mbali mwa tala, ena ovala nsapato zapulasitiki, wina atanyamula njerwa m'chikwama cha sukulu kuti azolowere katundu. Agalu a m'midzi ya m'mbali mwa msewu poyamba ankawauwa, pano angowazolowera. Alonda a pamagolosale akuti sakufunanso wotchi, chifukwa akangomva mapazi amadziwa kuti kwatsala pang'ono kucha. Mnyamata wina atafunsidwa ngati satifiketi ali nayo, anayankha akupuma wefuwefu kuti ayamba ndi miyendo, mutu udzatsatira pambuyo. Achimwene ake, amene ndi mphunzitsi wa pulayimale, akuti anamubweza kukalembetsa sukulu yamadzulo sabata yomweyo, ndipo pano akuthamanga m'mawa, madzulo ali pa desiki.

Pali chinthu chimodzi chimene chikunong'onedwa m'malo onsewa, ndipo ichi sichoseketsa. Pakangomveka kuti asilikali akulemba ntchito, pamatuluka anthu ovala bwino, a mafoni awiriawiri, onena kuti ali ndi m'bale wawo wamkulu kumeneko ndipo angathe kulowetsa dzina la mwana pamndandanda. Mabanja ena agulitsapo mbuzi, ena matumba a mtedza, ena mpaka ng'ombe ya pangolo, munthuyo n'kuzimitsa foni ndalama zitangolowa. Ambiri amachita manyazi kunena, ndiye wakubayo amangosamukira mudzi wina.

Makolo anzanga a ku Nsaru, Kabudula, Nambuma, Mpingu ndi Namitete, ntchito ya usilikali sagula. Munthu akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti mwana alowe, kamuneneni kwa amfumu ndi kupolisi tsiku lomwelo. Mbuziyo igulitseni ndithu ngati pafunika kutero, koma ndalama yake ikalipire fizi ndi mayeso a Fomu 4, kwa mnyamata ndi kwa mtsikana yemwe.